Nkhata ya Mwana wa Mlongo Wanga

"Sizitheka, madala," anatero mwana woyamba wa malemu. "Ana a bambo akudziwika. Nkhata tikayala ndife."

Tinali pa geti la nyumba ya siwa ku Ndirande, m'mawa wa tsiku loika maliro. Mu tenti munali mutadzaza kale. M'nyumba, momwe munali bokosi, amayi a mpingo ankayimba atavala zoyera zawo. Mwana woyambayo anali mu suti yakuda, mafoni awiri m'manja.

"Mwana wa mlongo wanga ndi mwana wa bambo ako," ndinatero. "Kamuyang'ane mphuno."

"Sindikukana."

"Nanga?"

"Lero nkhata, mawa mudzati shopu. Timazidziwa izi, madala."

"Shopu yakoyo udye wekha. Ine ndati nkhata."

Foni imodzi inalira. Anaiika kukhutu n'kundiuza kuti tikambirana maliro akatha. Anandisiya pomwepo. Geti limene anandisiyapolo ndinawotcherera ndine, kalekale, ndisanadziwe kuti bambo akewo ndi munthu wotani.

Wina angati nkhata ndi maluwa chabe. Si maluwa. Adzukulu akamaliza kukwirira manda, wotsogolera mwambo amatenga chimkuzamawu n'kuyamba kuitana. Mkazi wa malemu. Ana a malemu. Abale. Mpingo. Akuntchito. Aliyense amadzuka anthu onse akuona, n'kukaika nkhata yake pa mtumbira. Amene wadzuka pa nthawi ya ana ndi mwana. Amene sanadzuke, ndiye kuti sanabadwe. Ine ndinadzera chimenecho basi: mwana wa mlongo wanga adzuke pa nthawi ya ana.

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Mageti, zitseko, zitsulo za m'mawindo, nthawi zina mawilibala. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kulankhula sindikonda, kulemba sindikondanso. Koma nkhani iyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Mlongo wanga anali wamng'ono kwa ine. Makolo atamwalira ndinakamutenga kumudzi, ndinamusunga kwanga ku Ndirande. Ankayimba kwaya. Mawu anali nawo. Akamachapa kuseri kwa nyumba, aneba ankatsitsa wailesi. Kenako anapeza ntchito pa shopu ya zomangira ku Limbe. Mwini shopu anali wa mpingo wathu, wokhala kutsogolo, wopereka simenti pamene tinkakulitsa tchalitchi. Mkazi anali naye, ana anali nawo. Anamupezera mlongo wanga nyumba ya lendi ku Bangwe, kuti akhale kutali ndi maso a anthu. Ngati kuti ku Bangwe kulibe maso.

Mwini shopuyo anabwera kwanga kudzanena za ukwati, poti mwini mbumba ndine. Sindinamupatse mpando. Mlongo wanga anati, "Achimwene, ndasankha ndekha." Sindinena kuti ananamizidwa. Sanali mwana. Ankadziwa kuti akulowa pa mitala, ankadziwanso zimene mpingo udzachite.

Mpingo unawadula onse awiri. Kudulidwa kwathu kumatanthauza izi: m'tchalitchi ulowa, koma ukhale kumbuyo. Mgonero usadye. Kwaya usayimbe. Ndipo ukafa uli wodulidwa, mpingo sudzakuyimbira. Ine sindinadandaule. Ndinati alakwa onse, alangidwa onse. Zinali zowongoka.

Panapita zaka. Kunabadwa mwana wamkazi. Mwini shopu ankapita ku Bangwe ndi buledi ndi shuga, mwana ankamuthamangira kumsewu, "adadi, adadi." Ndiye tsiku lina mwini shopuyo anagwa mu shopu. Kuthamanga kwa magazi. Anatuluka m'chipatala mwendo umodzi ukukoka, ali ndi mantha a imfa. Anapita kwa akulu a mpingo kuti abwerere. Anamuuza kuti asiye mkazi wachiwiri. Mkazi wamkulu nayenso sanakhale pansi. Anayenda khomo ndi khomo kwa akulu a mpingo, kulira, kuwakumbutsa kuti ukwati wa m'tchalitchi ndi wake. Zimenezo ndinamva kwa anthu amene anamuona.

M'mawa wina pikiapu ya pa shopu inaima pakhomo panga. Matiresi, mapoto, chikwama, mlongo wanga, mwana. Dalaivala anatsitsa katundu injini osazimitsa. Mwini wake sanabwere.

Iye analowa kalasi ya obwerera, imene odulidwa amaphunzira miyezi ingapo asanalandiridwenso. Anamaliza. Lamulungu lina anamuimika kutsogolo. Abusa anati, "Abale, taonani chisomo cha Mulungu." Amayi nthungululu. Kwaya inaimirira. Pa mgonero wotsatira tinapezeka mzere umodzi, ndipo thireyi ya tikapu inachoka m'manja mwake kubwera m'manja mwanga. Ndinatenga, ndinamwa. Nthawi imeneyo mlongo wanga ankagona pa matiresi aja m'chipinda chimene ndimasungira zitsulo.

Nayenso analowa kalasi. Anayamba bwino. Kenako chifuwa. Chipatala, kunyumba, chipatala. Anajomba kangapo, akulu anati akachira ayambirenso. Sanachire.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu. Munthu wofatsa, mphunzitsi wopuma, tinkadziwana bwino. Ndinamuuza kuti mitala inatha kale, kalasi anayamba, chimene chinamuletsa ndi matenda. Anagwira chipewa chake n'kumachitembenuza. Anati lamulo ndi lamulo, akamasulira mmodzi ndiye kuti amasulira onse. Pamaliro anabwera yekha, anawerenga mawu pang'ono, anapemphera. Amayi anabwera ndi zitenje wamba. Yunifolomu ya mkazi wanga inatsala pa msomali.

Ku Ndirande maliro opanda nyimbo aliyense amadziwa tanthauzo lake. Tinanyamula bokosi kudutsa pafupi ndi msika, kukumveka masilipasi okha ndi mahutala a minibasi. Ogulitsa tomato ankaimirira n'kumanong'onezana. Munthu amene anayimbira maliro a anthu ena zaka zonse zija tinakamuika ngati tikubisa chinthu chakuba. Mwini shopu anatumiza thumba la ufa ndi nkhuni. Ndinamuuza dalaivala kuti abwerere nazo.

Mwana tinalera ine ndi mkazi wanga. Anakula, anaphunzira kusoka, ali ndi mashini ake pakhonde lina ku Limbe. Dzina la bambo ake m'nyumba mwanga silinkatchulidwa. Ine ndinkati nkhani inatha. Koma mwini shopu atamwalira, mtsikanayo anafika ku shedi kwanga ndili pakati pa ntchito. Anadikira mpaka ndizimitse makina.

"Ankolo, ndikufuna ndikayale nkhata."

"Nkhata ya ndani?"

"Mukudziwa."

"Anakutsitsa pa pikiapu ngati thumba la simenti."

"Ndikudziwa, ankolo. Ndinalipo."

Apo ndi pamene anandiuza kuti ankapita kuchipatala kukamuona mwini shopuyo ali chigonere, osandiuza ine. Ankadikira kuti a kunyumba kwake atuluke, iye n'kulowa. Akuti mkuluyo ankalira akamuona. Ndinati kulira ndi kotchipa, ngakhale anyezi amaliritsa. Ndinanena zambiri tsiku limenelo, kuposa zimene ndimanena mwezi wathunthu. Iye chilili, maso pansi. Nditamaliza anati, "Ndi bambo anga, ankolo. Ndilibe ena."

Ndilibe ena. Amene anamubereka kumsana kupita naye kuchipatala atadwala malungo anali ndani? Sindinafunse. Ndinayatsanso makina.

Kunyumba mkazi wanga anati, "Bambo, mwanayu wapempha nkhata, sanapemphe ulaliki. Abusa tili nawo kale."

Ndinatenga waya, ndinapinda, ndinawotcherera polumikiza. Mkazi wanga anamangirira maluwa a pa mpanda wa aneba. Ndinamuuza mtsikanayo kuti chabwino, koma ngati ukayala, ukayale pa nthawi ya ana, osati kumapeto pamodzi ndi anzake a malemu a pa bawo. Ngati uli mwana, ukhale mwana poyera. Ndi zimene zinandifikitsa pa geti lija.

Nditakanidwa ndinalowa mu tenti kufuna mkulu wa mpingo. Ndi yemwe uja wa chipewa, wakalamba tsopano, akuyendera ndodo. Anali pa mpando wa pulasitiki kutsogolo, pafupi ndi tebulo. Ndinagwada pambali pake kuti ena asamve.

"Akulu, mwana akukanizidwa kuyala nkhata."

"Imeneyo ndi nkhani ya banja, achimwene. Mpingo sulowererapo."

"Pochotsa mayi ake m'nyumba munalowererapo."

Anayang'ana ndodo yake. M'nyumba amayi anasiya nyimbo, kwaya ina inayamba panja. Inachokera ku Chilomoni, pa minibasi yahayala. Ina inali ikudikira kuseri, ikukonza mawu.

"Lero kuli nyimbo," ndinatero.

"Munthuyu anabwerera kwa Mulungu, achimwene. Chisomo sichisankha munthu."

"Chinasankha. Ndinaona ndi maso anga."

"Nyimbo si imene imalowetsa munthu kumwamba."

"Ndiye mukuyimbiranji?"

Kenako anati tsiku limene tinaika mlongo wanga lija anabwerera kunyumba osadya. Ndinamuuza kuti kusadya kwakeko sikunayimbe nyimbo. Ndinadzuka.

Mtsikana ndinamupeza kunja kwa mpanda, pamodzi ndi mkazi wanga, nkhata ili mu jumbo. M'kati sanalowe. Pa mphasa ya anamfedwa panalibe malo ake.

"Ati bwanji, ankolo?"

"Akana."

"Basi, ndidzayala kumapeto."

"Suyala kumapeto. Akaitana ana, unditsate. Ine patsogolo. Amene akuletse akumana ndi ine."

"Ankolo, musachite ndewu pamanda a bambo anga."

"Unditsate."

Mkazi wanga anandiyang'ana, anayang'ana manja anga. Anati, "Mwakalamba, bambo. Anyamata awowo amadya bwino." Ndinamuuza kuti asunge jumbo.

Bokosi tinapita nalo kutchalitchi. Munadzaza mpaka m'mawindo. Zitsulo za m'mawindo amenewo ndinawotcherera ndine, ulere, nthawi imene malemuyo ankapereka simenti. Analalikira ndi abusa atsopano, achinyamata, amene anabwera mlongo wanga atapita kale. Kaya nkhani ankaidziwa, kaya ayi. Anati malemu sanali wangwiro, monga aliyense m'nyumba muno. Anati chisomo si malipiro. Malipiro umagwirira ntchito, chisomo umangopatsidwa, ndipo palibe amene adzaime pamaso pa Mulungu ndi zabwino zake m'manja. Anthu ameni, ameni. Ine mutu unkawira.

Ndikapita kukagulitsa zidutswa za zitsulo amaika pa sikelo. Sikelo sidziwa suti, sidziwa simenti. Ine ndinkafuna Mulungu wa sikelo. Ndinkafuna munthu amene anali m'bokosiyo aikidwepo, pamodzi ndi pikiapu ija, ndi matiresi aja. Ndinakhala pa benchi ndikumuyeza, abusa akulankhula.

Ndiye maso anga anagwera pa mkazi wamkulu. Anakhala pansi pafupi ndi bokosi, wochepa thupi, duku lakuda, miyendo yotupa. Ndinali ndisanamuyang'anepo bwino zaka zonsezo. Ndinaganiza kuti mayi ameneyu nayenso anadikira mwamuna pakhomo, chakudya chikuzizira, mwamuna ali ku Bangwe. Amene anali naye ku Bangweko ndi mlongo wanga. Ganizo limenelo sindinalifune. Linabwera lokha.

Ngati ndi sikelo, mlongo wanga sadutsa. Anatenga mwamuna wa mwini akudziwa. Inenso kulemera kwanga ndikukudziwa. Ngati ndi chisomo, mlongo wanga anadutsa kalekale, kalasi osamaliza, nyimbo osayimbiridwa, chifukwa kalasi ndi ya anthu ndipo Mulungu sanadikire akulu a mpingo. Chimenecho ndinachifuna. Ndinachifuna ndi mtima wonse. Koma ngati ndi chisomo, uyu wa m'bokosiyu wadutsanso. Ndinayesa kuzilekanitsa. Ndadulapo zitsulo zokhuthala pa moyo wanga, koma ziwiri izi ndalephera. Ukatenga chimodzi, chinacho chimabwera chokha.

Musaganize kuti zinandikhazika mtima pansi. Zinandikwiyitsa kwambiri. Munthu kukhala pa benchi n'kuzindikira kuti mlongo wako ali kumodzi ndi munthu amene anamutaya, ndipo onse analowa pa khomo limodzi, osalipira. Mpaka lero kutchalitchi ndimapita. Mgonero ndimadya. Ndimakhala kumbuyo, kumene amakhala odulidwa, ngakhale palibe amene anandidula. Pamaliro sindiyimba. Munthu akandiyankha kuti wadzuka mwa chisomo, ine ndimangoti ndadzuka. Sikuti sindikhulupirira. Ndimakhulupirira, ndipo ndi chimene chimandiwawa.

Kumanda tinafika dzuwa lili paliwombo. Malole, maminibasi, magalimoto aang'ono, fumbi. Nyimbo njira yonse, kwaya iyi ikatopa inayo imalandira. Anthu m'mbali mwa msewu ankavula zipewa. Ine ndinakwera lole yakumbuyo, mtsikana pambali panga, jumbo pamiyendo pake. Maluwa anali atayamba kufota.

Adzukulu anatsitsa bokosi, anakwirira, anaumba mtumbira ndi makasu. Abusa anapemphera. Ndinamukoka mtsikanayo, tinadutsa pakati pa anthu mpaka pafupi ndi kutsogolo. Mwana woyamba uja anationa. Ananong'oneza anyamata awiri, asuweni ake, ndipo anadzaima patsogolo pathu ngati akungofuna mthunzi.

Wotsogolera mwambo anayesa chimkuzamawu ndi chala. "Tsopano tiyale nkhata. Tiyambe ndi mayi a pakhomo."

Amayi awiri a mpingo anamudzutsa mayi wamasiyeyo, wina uku wina uku. Anayenda pang'onopang'ono, anawerama, anaika nkhata yake kumutu. Kulira kunabuka kumbali ya amayi.

"Ana a malemu."

Anadzuka ndi nkhata zawo zogula, za maliboni. Ndinamuuza mtsikana kuti atulutse yake. Ndinayenda. Mnyamata mmodzi anatambasula mkono.

"Madala, dikirani nthawi ya anthu onse."

"Chotsa mkono."

"Tangouzidwa, madala."

"Ndati chotsa."

Chibakera chinali chokonzeka. Ndinali nditasankha kale pomenya. Kumbuyo kwanga mtsikana ankati, "Ankolo, chonde, ankolo." Anthu oyandikira anayamba kutembenuka.

"Tasunthani, anyamata inu."

Anali mayi wamasiye uja. Sanabwerere pa mphasa. Anawasiya amayi omugwira aja, anadza yekha, akupuma movutika. Anandiyang'ana ine kaye. Ankandidziwa. Kenako anayang'ana mtsikanayo, nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka ku nkhata ya waya. Anyamata anasuntha. Mayiyo anamugwira mtsikanayo padzanja.

Mwana woyamba anafika mothamanga, mawu otsitsa. "Mayi, tinagwirizana."

"Unagwirizana ndi mafoni akowo. Uyu ndi mlongo wako. Mpatse njira."

"Mayi, anthu akuona."

"Aone."

Anapita naye mtsikanayo mpaka kwa wotsogolera mwambo. Anamufunsa mtsikanayo dzina, poti sankalidziwa n'komwe. Ndiye anauza wotsogolerayo kuti alitchule. Analitchula, pamodzi ndi dzina la bambo ake, pa chimkuzamawu, manda onse akumva. Mtsikana anagwada, anaika nkhata pakati pa za anzake. Pamene anayamba kulira, mayiyo anamuika dzanja pamsana, osalichotsa.

Amayi a mpingo analira mokweza. Kumbuyo kwanga wina anati, "Mayi uyu ndi wa Mulungu." Wina anati, "Chisomo chokhachokha." Mkazi wanga ndinamuona akupukuta maso ndi chitenje.

Ine chibakera chinali chikadali chokunga, ndipo panalibe womumenya. Mayi ameneyu ndi amene anayenda khomo ndi khomo kuti mlongo wanga achotsedwe. Pamaliro a mlongo wanga sanaponde. Mwana anakula osamutumizira ngakhale sopo. Lero wayenda pang'ono pa fumbi, manda onse akumutamanda. Ine ndinabwera kudzatenga chinthu cha mwana, chake ndithu, chobadwa nacho. Ndinali wokonzeka kuchilanda. M'malo mwake chinaperekedwa ngati mphatso, ndi dzanja limene sindinkafuna kulandirako kanthu, ndipo tsopano panafunika zikomo.

Ndikudziwa kuti ndikanamenya mnyamata uja, mtsikanayo akanadziwika Ndirande yonse ngati amene anabweretsa ndewu pamanda a bambo ake. Ndikudziwa kuti palibe amene akanamukakamiza mayiyo, ngakhale abusa, ngakhale ine, ndipo akanakhala pa mphasa palibe akanamunena. Ndinazidziwa pomwepo, ndili chiimire. Kudziwa sikunaziziritse kanthu.

Mwambo unapitirira. Abale, mpingo, anzake a ku Limbe. Amfumu a dera anathokoza anthu. Abusa anadalitsa. Anthu anayamba kuthamangira malole kuti apeze malo. Ine ndinaima pa mtengo wa bulugamu, kudikira mtsikana kuti tizipita.

Anabwera, koma sanabwere yekha. Mayiyo anali atamukolowekabe mkono, akutsamira pa iye ngati pa mwana amene anamulera. Maso a mtsikana anali ofiira.

"Ankolo," anatero, "amayi akuti ndipite nawo kunyumba. Akuti ndikakhale nawo pa mphasa ya anamfedwa mpaka tsiku losesa."

Amayi. Anatero ndithu, amayi.

Mayiyo anamasula mkono. Anagwira mtengo, anatsika movutika mpaka bondo linafika pa fumbi. Munthu wamkulu, wamasiye wa tsiku lomwelo, kundigwadira ine wa ovolosi yonunkha utsi. Anthu amene ankadutsa anaima.

"Achimwene," anatero, "mwini mbumba ndinu. Mwalera bwino. Tikupempha mwanayu akalire nafe bambo ake."

Mtsikana ankandiyang'ana. Mkazi wanga ankandiyang'ana. Lole inaliza hutala, wina akufuula kuti otsala akwere. Ndinatsegula pakamwa, koma zimene zinali m'menemo sizinali zonena kwa munthu wogwada.

Ndinatembenuka. Lole ndinaipitirira. Ndinatuluka pa geti la manda n'kulowa mumsewu wa fumbi, wapansi, kulunjika ku Ndirande.